Chipinda cha Okwatirana Okha

Bay City, 14 Okutobala 1973

Mlongo wanga Sylvester,

Moni wochokera kuno kwanu kumene unakuiwala. Ife tili bwino, kaya iwe kumpotoko ndi sitima zako zapamadzi. Mlamu wako Chester akupereka moni. Sananene, ndangomunenera.

Nkhani ilipo. Nyumba imene abambo akhala akuchita lendi chibadwire chathu mwini wake waigulitsa, ndipo kuzizira kukangotha aigwetsa, pakudutsa msewu. Usayambe kulira, nyumbayo inatopa kalekale, ndipo mawondo a abambo sakugwirizananso ndi masitepe. Mwayi wake parishi yathu ikumanga nyumba yosanja ya okalamba pamalo a khonsolo ya mzinda paja ankagonekapo mabasi. Khonsolo yapereka malo, mpingo ndiwo ukumanga n'kusankha anthu. Muli chikepe, muli madzi otentha, tchalitchi n'pongowoloka msewu. Akuti si ya olemera, si ya osaukitsitsa, ndi ya anthu apakati ngati abambo, okhala ndi kapenshoni kawo ka kufakitale. Azakhali Wanda ayamba kale kusoka makatani a mawindo amene sanawaonepo.

Koma pali kamunga. Zipinda za anthu awiri komiti ikupereka kwa okwatirana okha, ndipo ikufuna kalata ya ukwati wa m'tchalitchi iikidwe patebulo. Iwe ukudziwa mmene zilili kwathu. Mayi Wanda amenewa tinawatcha azakhali kuti anthu asamavutike potipatsa moni, koma parishi yonse ikudziwa kuti si mlongo wa abambo ndipo sagona kukhitchini. Zaka makumi atatu anthu atseka maso. Pa Misa awiriwa amakhala kumbuyo osalandira Ukaristia, nkhani n'kumathera pomwepo. Lero pabwera pepala, maso onse atseguka. Ndinapita kwa Bambo Mfumu Florian. Anandithirira khofi n'kundiuza kuti pamene mkazi wa ukwati, amayi athu, ali moyo, manja awo ndi omangika, koma tizipemphera poti zinthu zimasintha. Nyumbayo aitsegula ikangopita Pasaka.

Kwanga kuno sangabwere, ndikuuziretu. Chester wanenetsa, ndipo ine sindinalimbane naye.

Tsono pali chimene ndikufuna undichitire. Iwe ndiwe uli pafupi ndi chipatala cha boma cha amisala chija kumene kuli amayi. Ndikudziwa kuti tonse tatenga nthawi osapondako phazi. Upiteko Loweruka lina ukawaone. Uone ngati akudya, ngati akuyenda okha, ndipo ukafunse adokotala za mtima wawo uja. Undilembere zonse, usandibisire kanthu pofuna kundisunga mtima.

Ndine mlongo wako,
Dolores

Marquette, 11 Novembala 1973

Achemwali,

Ndili bwino, kaya inu ndi alamu. Ntchito padoko yayamba kuchepa poti madzi ayamba kuundana.

Kalata yanu yandiliza. Ine nthawi yonseyi ndinkayesa kuti amayi munawafufuta mumtima, osadziwa kuti mumangovutika nazo chamumtima. Zikomo kuti mwayamba ndinu kutchula dzina lawo.

Ndinapitako dzulo. Ndinanyamula malalanje ndi soseji. Nditatchula dzina la amayi, Apolonia, pakhomo, nesi anandifunsanso kawiri, akuti iwo ankadziwa kuti mayi ameneyu alibe abale. Ndinawapeza m'chipinda chachikulu chodzaza amayi okhaokha, atakhala pafupi ndi windo lolowa mphepo, akupinda thaulo n'kulipindulanso. Ndi ang'onoang'ono, achemwali. Inu mumawakumbukira, ine anawatenga ndili ndi zaka zitatu, ndiye ndinkayembekezera chimayi chachitali ngati cha pa chithunzi cha ukwati chija. Ndinachita kufunsa kuti ndi ati.

Sanandizindikire. Anandifunsa ngati ndabwera ndi malasha. Koma nditawayankhula m'Chipolishi changa chothyokathyoka, chinenero cha makolo athu chija, anakweza mutu, n'kundikonza mawu awiri, n'kundiuza kuti ndikuyankhula ngati tsekwe. Ndinaseka mpaka nesi anasuzumira. Malalanje anadya awiri, makoko n'kubisa m'thumba.

Za thanzi lawo sindikubisirani monga munapemphera. Akutsokomola kwambiri ndipo ndi owonda. Adokotala akuti mtima ndi wofooka, chifuwa nachonso sichili bwino, ndipo anthu otere nyengo yozizira imawatenga mosavuta. Musade nkhawa kwambiri. Ndaganiza zomapitako Loweruka lililonse, kulibe chondigwira kuno.

Za chipinda cha abambo ndamva, koma mutu wanga sugwira za makomiti. Inu ndinu mumazitha. Mupereke moni kwa abambo ndi kwa azakhali.

Ndine mlongo wanu,
Sylvester

Bay City, 9 Disembala 1973

Sylvester,

Moni. Kuno tonse tilipo. Kalata yako ndinaiona, ndipo wachita bwino kufotokoza zonse.

Koma za Loweruka lililonsezo ndiye wawonjeza. Ine ndinati ukawaone, sindinati ukasamukire komweko. Misewu yake yoterera imeneyo udzagwera m'ngalande chifukwa cha munthu amene akukuyesa wogulitsa malasha. Komanso usamawasokoneze adokotala ndi mafunso, anthuwo anaphunzira ntchito yawo. Amayi avutika mokwanira, ndipo zina ndi zongomusiyira Mulungu. Chokhacho, ufunse ngati wansembe wa pachipatalapo anawadzoza mafuta a odwala. Zimenezo sachedwa nazo.

Kuno komiti yandikhalira pakhosi. Akufuna yankho Lenti isanayambe, apo ayi chipindacho apereka kwa ena. Makoma afika kale nsanjika yachinayi. Lamulungu lililonse Misa ikatha azakhali amakoka abambo kukaima pampanda n'kumaloza mawindo, ngati ana pa sitolo ya maswiti. Ine ndimangoyang'ana kumbali.

Mu phukusili muli masokosi a ubweya amene azakhali akulukira ndi keke ya Khirisimasi. Chifuwa chija chikasintha, usadikire kulemba, uimbe foni, ndilipira ndine.

Dolores

Marquette, 20 Januwale 1974

Achemwali,

Moni wa chaka chatsopano. Pepani kuti ndakhala chete, ndimafuna ndikulembereni zinthu zitapsa, ndipo lero zapsa.

Amayi achira! Pa Khirisimasi chifuwa chija chinawagwetsa ndithu, koma ine ndinachita phokoso mpaka anawachotsa pawindo paja n'kuwapatsa mankhwala ena. Masokosi a azakhali ndinawaveka iwo, anafika mpaka m'mawondo. Tsopano akudya ngati munthu wolima, ndipo Loweruka lapitali tinayenda limodzi m'khonde mpaka kumapeto. Akundidziwa kuti ndine wa malalanje.

Kwabwera dokotala wina wachinyamata. Akuti boma layamba kubweza anthu kwawo, ndipo atawerenga za amayi anapukusa mutu. Akuti misala yawo inazizira kalekale, akhala kuno nthawi yonseyi chifukwa panalibe wobwera kudzawafunsa. Chimene akufunika ndi nyumba yofunda, yopanda masitepe, ndi wachibale wokhala nawo.

Atangonena zimenezo, achemwali, m'mutu mwanga munayera. Ndinabwerera kunyumba n'kuwerenganso makalata anu onse awiri. Chipinda cha okwatirana, kalata ya ukwati patebulo, kenako n'kundituma kukaona ngati amayi akuyenda okha. Ine kupusa, miyezi yonseyi osazindikira chimene munkachita manyazi kuchinena poyera! Mukufuna amayi abwerere kunyumba. Kalata ya ukwati imene komiti ikufuna ilipo, ili m'buku la parishi momwemo.

Kuti ndikupepuzeni mtolo, ndawalembera ndekha Bambo Mfumu Florian n'kuwafotokozera zonse. Ndawauzanso kuti nzeru imeneyi ndi yanu, kuti ulemu upite kwa mwini wake. Azakhali Wanda angathe kutenga chipinda cha munthu mmodzi m'nyumba yomweyo, aziyenderana. Ndi munthu wabwino mtima, amvetsa.

Ndikuyembekezera kumva kwa inu.

Sylvester

Bay City, 4 Febuluwale 1974

Sylvester,

Moni sindikupatsa. Ndaimba foni katatu kumene umachita lendiko, akuti watuluka, kaya wapita kokayendetsa amayi ako m'khonde.

Kalata yako inafika sabata yatha. Ndinaiika pamwamba pa fuliji osaitsegula, poti ndinkadziwa kuti nkhani imene ndikudikira ibwera pa foni. Ndiye zonse ndazimvera m'tchalitchi dzulo, pamodzi ndi parishi yonse.

Bambo Mfumu atatha kulalikira sanatsike pagome. Anatulutsa m'thumba kalata imene unawalembera ija, nkhope ikuwala ngati wapambana mpikisano. Anati Mulungu wachita chozizwitsa pakati pathu, mlongo wathu Apolonia, amene achinyamata sakumudziwa, akubwerera kwa mwamuna wake Kazimir amene wamudikira zaka makumi atatu. Amene wamudikira! Anati banja limeneli ndilo lidzakhale loyamba kulandira makiyi. Kenako anatchula dzina langa, kuti ana onse atengere chitsanzo pa Dolores. Azimayi omwe aja akhala akutidya miseche chibadwire anali kupukuta misozi, wina mpaka kundipsompsona.

Ndinatembenuka kuyang'ana kumbuyo. Abambo anali atazyolika, akuzunguza chipewa m'manja. Azakhali anali tsonga, maso ali pa guwa, kolona ili m'manja. Palibe amene anali atawauza kanthu. Misa itatha anatsikira ku holo kukathirira anthu khofi poti inali sabata yawo, ndipo anthu analandira khofiyo osawayang'ana kumaso.

Popeza mutu wako umafuna kuchita kukutafunira, ndikuuza poyera. Ndinakutuma kukaona ngati amayi akufa. Ndinkafuna amwalire Lenti isanayambe, tiwaike mwaulemu, abambo akwatire azakhali mwakachetechete m'chipinda chovalira ansembe, alowe m'nyumba ija, ine ndipume. Bambo Mfumu nawonso ankadikira zomwezo, usawaone kumwetulira kwa dzuloko, angoona kuti iyi ndiye ikoma kuuza abishopu. Iwe wekha ndiye unapita ndi malalanje.

Unganditche dzina lililonse. Ine ndinali ndi zaka khumi tsiku limene amayi anatitsekera m'bafa n'kutsegula madzi, ndipo ndine ndinakunyamula paphewa kufikira aneba atathyola chitseko. Iwe sukumbuka kanthu, n'chifukwa chake chifundo chimakuvuta pang'ono. Amene anakuchotsa nsabwe, kukukhalira pa chikuku, kukusitira malaya a Ukaristia woyamba n'kukaonerera ali kumbuyo kwa tchalitchi, ndi mayi amene wamuchotsa pa bedi lake ndi kalata imodzi.

Lembera dokotala wakoyo lero lomwe, umuuze kuti banja lasintha maganizo. Amayi anazolowera kumeneko. Asiye.

Dolores

Marquette, 12 Febuluwale 1974

Achemwali,

Ndili bwino, ngakhale simunafunse. Amayi nawonso ali bwino, pepani.

Kalata yanu ndaimva, ndipo ulendo uno sindinafunike kuiwerenga kawiri. Kwa dokotala sindilemba. Ndasaina kale, ndipo ngakhale ndikanapanda kusaina, sindingamubwezere munthu pawindo paja kuti inu mupume. Munandipusitsa, ndinalira misozi pa kalata yanu pamene inu mukuwerengera amayi anu masiku. Mukamadzapita kolapa pa Lenti pano muyambire pamenepo, mwina Bambo Mfumu akuthandizani kukumbukira poti munali limodzi.

Za azakhali mukundinamizira. Ine sindinawathamangitse. Nyumba yonse ija, nsanjika zisanu ndi imodzi, mpingo ungalephere kupezamo bedi limodzi la mayi amene wawaphikira pa maliro aliwonse a parishi? Zikakanika, inu muli ndi chipinda chapansi chimene mumasungiramo mbatata. Popeza mumawakonda chotere, chotsanimo mbatatazo. Pajatu si magazi athu, ndipo amene anawalowetsa m'nyumba ndi abambo, osati ine.

Amayi ndiwabweretsa Pasaka ikangopita. Muwapezere diresi, parishi yonse ikudziwa kuti nzeru ndi yanu.

Sylvester

Bay City, 25 Malichi 1974

Mwana wanga Sylvester,

Moni, ndine bambo ako. Ine kulemba sindikonda, ndiye ndifupikitsa.

Loweruka ndinakalapa, ndipo dzulo ndalandira Ukaristia. Ndinayenda kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo ndi ndodo yanga, anthu onse akuona. Ena anandigwira chanza panja. Sindinkadziwa kuti ndidzalandiranso ndisanafe.

Wanda ali kwa Dolores, chipinda chapansi. Bambo Mfumu anati sindingalandire tikugona nyumba imodzi. Sakuyankhula kwenikweni, koma akazi ndi choncho, zidzatha. Amabwera masana kudzalongedza katundu ndi kuphika.

Chipinda ndachiona. Chili pansanjika yachinayi, windo likuyang'ana kumtsinje, ndipo chikepe n'chachikulu. Kumafunda usana ndi usiku popanda wosonkha moto.

Undiuze, amayi ako amadya chiyani? Amafuula pogona? Ine tulo tanga n'tovuta. Pobwera ubwere ndi galimoto yako ya lole ija unyamule mpando wanga ndi TV, Chester akuti msana ukumupweteka.

Bambo ako

Bay City, 2 Juni 1974

Sylvester,

Moni, ndine Wanda. Ndikhulupirira unafika bwino tsiku lija. Unanyamuka msanga, sindinathe kukupatsa kamba wa panjira. Ndinali nditakukulungira kale, anadya Chester.

Kalata yako ndalandira. Wafunsa zambiri, ndiyankha zimene ndingathe.

Mwambo wotsegulira nyumba unauona wekha, sindikufotokozera. Ine ndinali kukhitchini ya holo ndikuphika mapierogi, chakudya chathu cha Chipolishi chija, koma pa kawindo koperekera mbale pamamveka zonse. Bambo Mfumu atawauza kuti abwereze malumbiro a ukwati, ndinamva bambo ako akuyankha mokweza bwino. Amayi ako sindinawamve. Diresi ya buluu ija inawakhala, ndinachita kuichepetsa m'chiuno ndi m'mapewa.

Za chipinda cha munthu mmodzi chimene unandiganizira, ndinapita ku komiti. Wapampando ndi a Pawlak, aja ogulitsa mabokosi a maliro. Anandilandira mwaulemu, anandikokera mpando. Anandifunsa kuti ndimalandira chiyani pamwezi, ndinati palibe. Anafunsa kumene ndinagwirako ntchito, ndinati kunyumba kwa a Kazimir. Anafunsa ngati ndinkalipidwa, ndinangowayang'ana, ndipo iwo anayang'ana pepala. Penshoni ndi ya bambo ako ndi mkazi wawo. Ine sindine mkazi wa munthu, sindine wamasiye, sindinalembedwepo ntchito. A Pawlak anati akumva chisoni kwambiri, koma nyumbayo anaimangira anthu apakati, ndipo khonsolo inapereka malo pa pangano limenelo. Osauka ali ndi nyumba zawo kutsidya kwa mtsinje, ndikalembetse kumeneko. Ndinakalembetsa. Akuti mzere wake ndi wautali, ambiri amamwalira asanaitanidwe.

Dolores akuti ndingakhale pansi pano mpaka masukulu atatsegulira. Kenako mwana wake akufuna kuikamo ng'oma zake. Sindikudandaula, ndi pouma, ndipo miyendo ya anthu odutsa ndimaiona pa kawindo.

Bambo Mfumu anandiitana. Anati tsopano njira yanga yatseguka, ndingathe kulandira Ukaristia, chofunika n'kungolapa kuti ndikumva chisoni ndi zaka zonsezi. Ndagwada kangapo kuyesa kuchipeza chisonicho. Sindinalandirebe. Anatinso pali ntchito ya chifundo imene ingandithandize pa moyo wauzimu: amayi ako sangathe kusamba okha kapena kuphika, bambo ako sadziwa ngakhale kuwiritsa dzira, ndipo lamulo la nyumbayo ndi loti okhalamo azidzisamalira. Komiti ikaona kuti zikukanika, onse awiri atuluka. Dolores anakana kuwakhudza. Ndiye ndimakwera basi m'mawa uliwonse.

Amayi ako si munthu wovuta. Amandiyesa nesi. Ndikalowa amakweza manja m'mwamba kuti ndiwavule, ndikawapesa amatseka maso. Akunenepa. Lachinayi ndikuwapukuta msana anandigwira mkono n'kundinong'oneza kuti, "Anesi, bambo uyu amagona muno ndi ndani? Muwauze akuluakulu amuchotse." Ndinawauza kuti ndi mwamuna wawo. Anaseka, anati mwamuna wawo ndi mnyamata wa tsitsi lakuda, sangakhale nkhalamba yonunkha fodya chonchi.

Ndikatha kuphika chakudya cha madzulo ndimayala bedi, n'kuwagoneka amayi ako kumbali ya khoma kuti asagwe. Alendo saloledwa kugona, ndipo mayi wa pakhomo amandiyang'ana ndikachedwa. Masiku oyamba bambo ako ankandiperekeza mpaka pa chikepe. Kenako wina anakanena, ndiye anasiya. Dzulo ndinaima pakhomo nditavala kale chikhoti, ndinati mwina anena kanthu. Maso ali pa TV anati, "Fulumira, basi ikusiya."

Mawa ndipitanso. Ndikapanda kupita, sadya.

Pomaliza wafunsa ngati ndakukhululukira. Ndine ndinkakugwaditsa pambali pa bedi madzulo aliwonse kuti upempherere amayi ako achire, abwere kunyumba, iwe usakudziwa n'komwe nkhope yawo. Ukaiwala ndinkakukoka khutu. Wachita zimene ndinakuphunzitsa, ndipo palibe pokudzudzulira. Koma ayi, mwana wanga, sindinakukhululukire, ndipo usandilemberenso.

Wanda